Kukatenga Rabeka ku Kampu Yochepetsa Thupi

Ndinanyamuka kwathu ku Nkhulambe Loweruka m'mawa kukuzizirabe, pa ulendo umene sindinaupemphe. Anandituma ndi achemwali anga a Esinati. Mwana wawo Rabeka, wazaka khumi ndi zisanu, anali ku kampu ya atsikana yochepetsa thupi kuseri kwa phiri la Mulanje, ndipo ine monga tsibweni wake ndinayenera kukamutenga, afune asafune.

Mudziwe kaye kuti kwathu kuno thupi ndi ulemu. Munthu akakuuza kuti wanenepa, umayankha kuti zikomo. Ine ndekha ndiye ndinabadwa ngati bango, ndipo abale anga akhala akupepesa kwa alendo chifukwa cha ine kuyambira ndili mwana. Rabeka ndi amene anachotsa banja lathu manyazi. Amayi ake ankayenda naye kutchalitchi mapewa ali m'mwamba. Koma chaka chino mwanayo anakomoka kusukulu, ndipo anesi anati magazi ake akuthamanga ngati a munthu wachikulire, komanso poti kuchimuna kwawo kuli matenda a shuga, thupilo lichepeko. Alamu anga, amene amayendetsa lole ku Blantyre, anamva za kampuyi n'kumulembetsa kuti akakhaleko pa tchuthi chachitali. Achemwali anavomera ndi pakamwa pokha.

Zinthu zinaipa pamene mayi wina wogulitsa tomato anabwera ndi nkhani yoti waona ndi maso ake atsikana onenepa akuthamangitsidwa m'phiri, ndipo kuti amawadyetsa masamba okhaokha ngati mbuzi. Lamulungu lake Rabeka anaimba foni, poti kumeneko foni amawapatsa Lamulungu lokha, n'kunena mosangalala kuti siketi yayamba kumukhwepa. Achemwali anangoti manja kumutu.

"Achimwene, mwana akaonda msangamsanga anthu anena kuti chiyani? Mukuwadziwa anthu akuno. Anena kuti watenga matenda aja, kapena kuti pakhomo pano palowa njala. Inu ndinu mwini mbumba, mawu anu sangawakane. Kamutengeni."

Sindinatsutse. Munthu satsutsana ndi a Esinati asanadye kanthu.

Kenako kunatuluka dengu. Kwathu supita kukaona mwana amene ali kutali uli chimanjamanja, ndipo zoti malowo ndi ochepetsa thupi sizinasinthe kanthu pa mwambowu. M'dengumo munali nkhuku yathunthu yokazinga, chigumu cha nthochi, mandasi odzaza jumbo, mtedza, chigubu cha thobwa, ndi nyemba za kalongonda zimene zinatha tsiku lonse pamoto. Ndinafunsa kuti ngati ndikukamutenga, chakudya chonsechi n'chachiyani. Anati adye kaye, apeze mphamvu zoyendera. Mayi woyandikana nawo nyumba ataona dengulo anathamanga kukatenga makaka, chinangwa chouma chija, kuopa kuti mwana angadzanene kuti iwo sanamukumbuke.

Pamsika ndinapeza wakabaza wa njinga yamoto. Anandiyang'ana ine kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenako n'kunyamula dengu kuti alimve kulemera.

"Inuyo madala ndi masauzande anayi, poti simulemera," anatero. "Koma anzanuwa awonjezere sauzande imodzi."

Ndinayesa kunenerera, koma iye anati pa awirife amene athe mafuta ndi denguyo. Ankalitchula ngati munthu, ndipo ndinaona kuti alipatsa ulemu kuposa ine.

Tinalowa msewu wodutsa pampata, pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi. Amene simunaudutse, musaganize za msewu ngati wa kwanuko. Ndi miyala yokhayokha, ina yogona, ina yoimirira, ndipo njinga imasankha yokha woti iuponde. Kumanzere phiri linali litafunda mtambo, kumanja amayi ankatsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni. M'minda nandolo anali atakhwima, ndipo paliponse pamene panali mthunzi panali munthu akusola. Pokwera chitunda chachikulu njinga inayamba kutsokomola.

"Tsikani madala, yatopa."

Ndinatsika. Dengu linapitirira panjinga ngati bwana, ine amene ndinalipira zambiri ndikubwera wapansi m'fumbi lake. Pamwamba ndinamupeza wakabazayo akundidikira, ndipo anafuna kudziwa kumene ndikupita ndi katundu wonunkhira chonchi. Nditamufotokozera anapukusa mutu ngati wamva za maliro.

"Ndiye mukuti amachita kulipira kuti aonde? Abwere kuno adzakankhe njinga yangayi masabata awiri. Ine sindiwalipiritsa."

Tinafika pa Phalombe dzuwa litayamba kuluma. Ndinalowa m'tiyirumu ina kuseri kwa msika, n'kumwa tiyi wamkaka ndi mbatata ziwiri zophika, dengu ndili nalo pakati pa miyendo chifukwa galu wa pamalopo anali atandisankha kukhala mnzake. Kenako ndinakwera kasiyenta kolowera ku Mulanje, mtengo masauzande awiri. Kagalimotoka anakapangira anthu asanu ndi awiri, koma dalaivala wake sanauzidwe zimenezo. Anatisanja mwaluso, ndipo atafika pa ine anasangalala.

"Madala oondawa akhale ndi mayi awa. Mukaphatikiza akwana anthu awiri enieni."

Mayiwo anali wogula nandolo, wathupi lake ndithu, sikelo yokoleka ili pamiyendo. Ine ndinakhala ndi thako limodzi, linalo ndinalisungitsa kuchitseko. Tisanapite patali fungo la nkhuku linadzaza galimoto yonse.

"Kuli chinkhoswe kodi, bambo?" anafunsa mayiwo.

Ndikanangovomera bwenzi nditapulumuka, koma ndinanena zoona. Galimoto yonse inafa nacho chiseko, mpaka dalaivala anachita kuchepetsa liwiro. Bambo wina kumbuyo anati zili ngati kunyamula kachasu popita kumsonkhano wa amayi a mvano. Mayi wa sikelo ndiye anaipidwa ndi kampuyo. Anati zimenezo n'za m'tauni, kuti iwo amuna awo anawakwatira chifukwa cha thupi lomweli, ndipo kuti mkazi woonda ngakhale chitenje sichimukhala. Anandiuza kuti ndachita bwino kukamutenga mwanayo, ndipo anthu onse anavomereza. Mtima wanga unakhala pansi, ndinadziona ngati munthu wokapulumutsa mwana m'madzi.

Potsika, ndikukoka dengu pansi pa mpando, mayi aja anandigwira malaya n'kundinong'oneza.

"Mukafunseko ngati amalandira akuluakulu. Mawondowa sakundigonetsa tulo. Koma musakanene kuti ndine."

Dzina lawo sindinkalidziwa n'komwe, choncho chinsinsi chawo ndachisunga bwino.

Kuchoka pamsewu, kampu ili kumtunda, m'tsinde mwa phiri. Mayi wina amene ankasola nandolo pakhonde anandilozera kanjira, n'kunena kuti si patali. Anthu a m'mphepete mwa phiri akati si patali, muzimanga bwino nsapato. Ndinaika dengu paphewa n'kuyamba kukwera. Kanjirako kanadutsa m'minda ya chinangwa, kenako m'miyala. Thobwa lija, chifukwa chokhutchumuka tsiku lonse, linayamba kulira m'chigubu. Posakhalitsa inenso ndinayamba kulira chimodzimodzi. Ndinasintha phewa, ndinasinthanso, kenako ndinakhala pamwala ndili wefuwefu, ndikuwaganizira zoipa alamu anga amene anayambitsa zonsezi ali phee mu lole ku Blantyre.

Ndili pamwalapo ndinamva nyimbo kumunsi. Linali gulu la atsikana likuchokera kumtsinje, onse amatupi awo, ena atamanga zitenje pamwamba pa mabuluku, kutsogolo kuli mtsikana wamkulupo ndi wezulo pakhosi. Palibe amene ankathamangitsidwa. Ankayenda mwandawala, akuimba, wina akuseka mnzake amene anaterereka. Mmodzi anapatuka pamzere n'kudzagwada patsogolo panga.

"Atsibweni, mwabwera? Kunyumba kuli bwanji?"

Ndinamuyang'anitsitsa, poti ndinatumidwa kudzaona mafupa. Kunena zoona, ndinachita kufufuza kuti ndipeze pamene thupi lachoka. Anali Rabeka yemwe uja, masaya ake omwewo, kungoti nkhope inali yowala ndipo khosi linayamba kuoneka. Ananunkhiza dengu, n'kuseka mpaka kugwira pamimba.

"Amayitu amenewo," anatero.

Analisenza pamutu n'kutsogola. Mwana amene chaka chatha ankapumira kawiri popita kuchigayo anakwera chitunda chonsecho akundifunsa za mbuzi zake ndi za anzake akumudzi, ine ndikuyankha ndi mutu chifukwa mpweya wolankhulira ndinalibe.

Kampuyo ili pasukulu ya pulaimale imene amabwereka pa tchuthi. Atsikana amagona m'makalasi awiri, aliyense matiresi ake ndi neti yake. Woyang'anira ndi mayi Namonde, nesi wopuma pantchito, ndipo chinandilimbitsa mtima n'choti iwonso si munthu woonda. Tinalonjerana m'Chilomwe, anandipatsa mpando ndi madzi, kenako anavundukula dengu. Ine ndinaweramitsa mutu kudikira kukalipiridwa. M'malo mwake anaomba m'manja mwaulemu, ngati mmene amalandirira mphatso kwa apongozi.

"Musachite manyazi, bambo, simuli oyamba. Dzana kunabwera agogo ena ndi mwendo wa mbuzi. Kuno chakudya chochokera kwa makolo sitibweza, chifukwa kubweza n'kutukwana mayi amene waphika. Kungoti chikalowa pageti chimakhala cha ana onse."

Ndipo zinaterodi. Nkhuku ya achemwali anaidula tizidutswa tambirimbiri, moti ikanadzuka sikanadzizindikira. Mandasi anawang'amba panayi. Chigumu anati chidikire mawa, thobwa aliyense kakapu kamodzi. Kalongonda ndi makaka ndiye anazitamanda, amvekere zimenezi ndiye zakudya, bola osazimiza m'mafuta.

Masana ndinadya nawo. Theka la mbale linali nkhwani wotendera, pambali nandolo wamuwisi, kachidutswa ka nkhuku kaja, ndi mtanda umodzi wa mgaiwa. Nditamaliza ndinakhala ndikuyang'ana kukhitchini kudikira wachiwiri. Kunabwera nthochi. Mtsikana wina woyandikana nane anandimvera chisoni n'kundiuza kuti masamba okha ndiye amaloleza kuwonjezera, ndipo ndinawonjezeradi. Chodabwitsa n'choti ndinakhuta, ngakhale kuti m'mimba munkakhala ngati muli funso.

Ndinafunsa zambiri, poti ndinkadziwa kuti kunyumba ndikafunsidwa ngati kukhoti. Amadya katatu pa tsiku, ndi chipatso pakati. Mapiritsi kapena tiyi woondetsa kulibe. Zakumwa za m'mabotolo kulibe, shuga m'phala ndi kasupuni kamodzi. M'mawa amayenda, masana amaphunzira kuphika ndiwo ndi mafuta ochepa, ndipo amakhala pansi kukambirana zimene zimawasowetsa mtendere. Pasikelo amakwera kamodzi pa sabata, m'chipinda chotseka, mwana ndi nesi basi, ndipo palibe amene amalengeza za mnzake. Ndinafunsanso za mayi wa mawondo uja. Anati akuluakulu salandira, koma ayambe ndi kukayezetsa kuchipatala. Uthengawo ndikadali nawo, mwini wake sindinakumane naye.

Dzuwa litapendeka kunalira ng'oma. Amayi a m'mudzi wapafupi amabwera kudzawaimbira gule wa tchopa, ndipo ndiwo masewera awo a madzulo. Fumbi linakwera. Atsikana anandikokera m'bwalo kuti ati mlendo saonerera, ndipo ndinavina mwamphamvu ndithu mpaka nyimbo yoyamba inafika pakati. Kenako ndinakakhala pansi pa mtengo wa mango kuti ndione ngati mtima ubwerere m'malo mwake.

Mayi Namonde anandipeza pomwepo, ndipo ndinawauza chimene ndinadzera. Sanadabwe.

"Mwana ndi wanu, geti ndi lotsekula. Koma ndikuuzeni zoona, kuti mukanene bwino kunyumba. Musayembekezere kuti adzabwera ataonda ngati inuyo, ife sitipanga zimenezo. Mwezi umodzi suchotsa thupi la zaka zambiri. Timangofuna kuti magazi akhale m'malo, aphunzire kadyedwe, azolowere kuyenda. Zotsalazo zikatheka kapena kulephereka kwanuko, pa mbale ya amayi ake. N'chifukwa chake Loweruka lomaliza timaitana amayi onse, akwere chitundachi ndi ana awo, aphike limodzi. Koma musanamange katundu, mufunseni mwini wake."

Anamuitana Rabeka, iwo n'kuchokapo. Mwanayo anakhala pansi chapatali pang'ono, thukuta la tchopa lili kamukamu. Ndinamuuza mawu a amayi ake onse, osachotsera.

"Atsibweni, mukanena kuti tiye, ndipita. Inu sindingakukanireni."

Ndikanakonda akanalira kapena kukana, bwenzi zitandipepukira. Ndinamufunsa kuti nanga iye mtima wake ukuti chiyani. Anatola kamtengo n'kumakanda nako pansi.

"Kunyumba aliyense amati ndanenepa bwino. Kusukulu amanditchula kuti Thanki. Ndikamakhala pabenchi anyamata amalira ngati lole ikubwerera m'mbuyo. Mpira wamanja ndinasiya chifukwa anthu ankabwera kudzaonerera ine, osati mpirawo. Amayi sindinawauze."

"Chifukwa chiyani?"

"Akanandiphikira nkhuku kuti ndisadandaule." Anaseka pang'ono, kenako anasiya. "Ndikakana kuwonjezera chakudya, amayi amafunsa kuti wandilakwira ndani. Kenako iwonso amasamba m'manja, osadya. Ndiye ndimadya kuti iwo adye. Kuno, atsibweni, tsiku limatha popanda munthu wonena za thupi langa, kuliyamikira kapena kulinyoza. Sindinkadziwa kuti zimatheka."

Zinandipweteka kwambiri. Ine ndakhala moyo wanga wonse ndikufunsidwa ngati ndikudwala, ndipo ndimadziwa kutopetsa kwake kolowa pakhomo thupi lako n'kukhala moni. Koma sindinaganizepo kuti mwana amene tinkamunyadira tonse akusenza katundu yemweyo. Ndinaganiza za nkhope ya a Esinati. Kenako ndinakumbukira kuti iwo omwe ndi amene ananena kuti mawu anga sakanidwa.

"Tsala," ndinatero. "Umalize."

Anandiperekeza mpaka pamsewu, dengu lopanda kanthu lili m'manja mwake.

Ulendo wobwerera unali wotchipa, poti ndinali ndekha. Koma pampata paja ndinkalakalaka njinga itawonongeka, ndigone m'njira. Sinawonongeke. Tinafika dzuwa likulowa, ndipo achemwali anali ataima pamsewu. Sanandiyang'ane ine, ankayang'ana kumbuyo kwanga.

"Mwana ali kuti?"

"Watsala. Ndamusiya ndine."

"Kodi ndinatuma munthu kapena chithunzithunzi?"

Anayankhula zambiri kuchokera pamsewu mpaka pakhonde, zina zokhudza kuonda kwanga, zina zokhudza alamu, ndipo anthu oyandikana nawo anapeza zifukwa zosesera panja madzulo. Ndinawasiya athe mpweya. Titakhala pamkeka ndinafotokoza zonse, za mbale, za tchopa, za chitunda chimene mwana wawo anakwera ndi dengu pamutu.

"Nkhuku anadya?"

"Anadya. Kachidutswa."

"Kachidutswa," anabwereza, ngati ndawauza kuti mwana akugona panja.

Ndiye ndinawauza za Thanki, ndi za lole yobwerera m'mbuyo. Pomaliza ndinawauza mawu aja, akuti amadya kuti amayi ake adye. Ndinkayembekezera mkuntho wina, koma sunabwere. Achemwali anayang'ana manja awo nthawi yaitali, kenako misozi inayamba kutsika, ndipo sanaipukute.

"Ndiye ndimamupweteka mwana wanga ndi manja angawa? Ine chimene ndimadziwa n'kuphika basi, achimwene. Nanga ndizimupatsa chiyani?"

Ndinangowauza za Loweruka lomaliza, kuti amayi onse akuitanidwa kukakwera chitunda ndi ana awo. Anafunsa kuti chitundacho n'chachitali bwanji. Ndinati ine ndinapumira panjira. Anati zimenezo sizikutanthauza kanthu, ine mphamvu ndinalibe chibadwire.

Amene mukuganiza zotumiza mwana ku kampu yotere, musaope njala, kulibe. Musayembekezerenso chozizwitsa, mwana wanu mudzamuzindikira ali patali. Chimene ine ndinaona n'choti ntchito yopepuka ndi ya mwanayo, yolemera imatsalira ife otsala kunyumba, amene tinazolowera kunena chikondi ndi chipande.

Lolemba m'mawa ndikupita kumunda ndinawaona a Esinati ndi ndowa. Anadutsa mjigo wapafupi osaima, anthu akuwaitana kuti mzere ndi waufupi, n'kulowera wa kutsidya kwa mtsinje, kumene kuli chitunda. Ankayenda pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno. Kukonzekera Loweruka lomaliza kunali kutayamba.